Mitsinje ya m'Diso la Mbewa

Padangokhalatu, ana inu. Vomerani kuti tili tonse.

M'nyumba ya ofufuza matenda a maso munkakhala Mbewa woyera, amene ana ake anali asanayambe kupenya. Tsiku lina Bilimankhwe anasuzumira pazenera.

"Achimwene, anawo asavutike n'kutsegula maso," anatero. "Adzatengera timaso tanuto, tonga mapira. Taonani anga, lina kum'mawa, lina kumadzulo!"

Mbewa mtima unamuwawa. "Tiyeni adokotala atiyeze tonse. Diso langa likapezeka lachabe, ndiwauza anawa asatsegule maso."

Dokotala anayamba ndi Bilimankhwe, koma diso lake linkangozungulira, kufunafuna amene akumusirira, mpaka kuyeza kunakanika. Mbewa anakhala phee. Kachipangizo ka dokotala kanakhudza diso lake mopepuka, kuti kamve ngati lalimba mopitirira.

"Lili bwinobwino," anatero dokotala, n'kulionetsa pakanema litakulitsidwa.

Bilimankhwe anangoti kukamwa yasa. M'kadiso kaja mitsempha ya magazi inkaoneka ngati mitsinje yofiira yochokera pa kasupe mmodzi, nthambi zake zosawerengeka.

"Zonsezi zili mwa ine?" ananong'ona Mbewa.

Anathamangira kwa ana ake n'kuyamba kuwanyambita zikope. "Tsegulani, ana anga, musaope. M'maso mwanumo muli mitsinje."

Nthano yanga ithere pompa.