Mwala Umene Alamu Ananyamula

Pa osema miyala onse mumzindawo panalibe woposa mmisiri wina wotchuka, ndipo mwiniwake ankadziwa zimenezo. Koma nsalu itavundukulidwa pabwalo la khonsolo, mmisiriyo anaona mwala wolakwika. Khonsolo inali itaitanitsa chosema chosafanana ndi munthu kapena nyama, ndipo alamu ake, oyendetsa lole, anasiya chosemacho n'kunyamula mwala umene mmisiriyo ankakhalira posema.

"Taonani kusalala kwake!" anatero a meya, anthu akuwomba m'manja. "Kadzenje kapamwambaka kakuimira kudzichepetsa kwa mzinda wathu."

Alamu aja anamunong'oneza, thukuta lili kamukamu: "Pepani alamu, ndaphonyetsa. Lole ilipo, ndikatenge weniweni uja?"

Mmisiriyo anakonza tayi yake.

"Musavutike. Uja ndinausema miyezi itatu yokha. Uwu ndausalaza zaka makumi awiri."