Chingwe cha Mfundo Zitatu

A Bwanali anafika pakhonde la telala Mikaili ku Area 2 akuvina ndi mapewa. Bambo wa imvi, wokhoma zidebe wodziwika mu Old Town monse, koma tsiku limenelo anasanduka mwana. Anaponya nsalu ziwiri pamakina: yoyera ndi ya maluwa ofiira.

"Mkanjo wanga, ndi diresi. Lachisanu zikhale zitatha, achimwene!"

"Muyeso wa mayi ndili nawo m'mutu," anatero Mikaili, amene anakhala akusokera a Zubeida, mayi a kunyumba kwa a Bwanali, kuyambira kalekale.

"Umenewo uiwaleni. Tengani uwu."

Anatulutsa m'thumba chingwe cha mfundo zitatu: mapewa, chifuwa, chiuno. Mikaili anachiyala patepi, n'kuluma mlomo. A Zubeida anali mayi wa thupi lawo, wosakwanira nsalu yochepa. Chiuno ichi chinali cha namwali.

Telala sauzidwa nkhani, amaiwerenga pansalu, ndipo Mikaili ankadzitama nazo kwabasi zimenezi. Atawayeza a Bwanali anapeza kuti nawonso aphwa m'mimba. Mkuluyo ankangoseka, kuseka mpaka kutsamwa, kukhosomola, kupukuta misozi, n'kuyambiranso. Chikondi chimaondetsa ndithu! Madzulo ake kunamveka kuti shopu aitseka, nyundo ndi zida zonse asiyira mphwawo, agula sutikesi ndi mafuta onunkhira kwa amwenye. Apa panalibenso chofunsa. Mitala!

Khonde lonse linatekeseka. Wometa anayamba kutchula mayina a atsikana a kumzikiti mmodzimmodzi, lumo lili m'mwamba, kasitomala atametedwa mbali imodzi. Amayi a mandasi anali atanunkhiza kale mpunga wa nyama. Mikaili, wokonda ukwati kuposa mkwati, ankapalasa makina akuimba, mpaka anasokerera thumba la malaya a munthu wina chadodolido.

Koma akafika pachiuno cha diresi lija, phazi linkalemera. A Zubeida anali atagona chaka kunyumba ya odwala chifuwa chachikulu, kunja kwa tauni. Wolowa kumeneko ankakhalitsa, ndipo abale ankathera pampanda wa waya, kulankhula mokuwa ngati ali kutsidya la mtsinje. Anthu ankangoti "ku Sana", poti liwu lonse loti sanatoliyamu linkawalemera palilime.

"Ndi Chilatini chimenecho," anatero Paxton, kalaliki wa ku City Centre yatsopano, amene anabweretsa thalauza lake lotambalala m'miyendo kuti Mikaili alichepetse a Yufi, anyamata a chipani, asanamugwire nalo. "Sanare, ndiye kuti kuchiritsa. Azungu kwawo ankamanga nyumba zoterezi m'mapiri, kuti wodwala achire ndi mpweya wabwino ndi kupuma."

"Kuchiritsa?" anatero Mikaili akudula ulusi ndi mano. "Kuno ndi kumene amuna amaiwalirako akazi awo."

Atanena anachita manyazi, chifukwa woimba kwambiri nyimbo ya ukwatiwo anali iye yemwe. Anakumbuka a Zubeida akumutumizira phala m'mwezi wosala kudya, chaka chimene iye anaferedwa mkazi. Mtima unamuwawa. Komabe diresi analisoka bwino, poti dzanja la telala silidziwa kukwiya.

Lachisanu, anthu atatuluka mumzikiti, a Bwanali anatulukira ndi sutikesi, fungo la mafuta litawatsogolera. Anavala mkanjo pomwepo, n'kuzungulira kawiri. Wometa anaimba mluzu, amayi a mandasi n'kululutira. Koma atatambasula dzanja kuti alandire diresi, Mikaili analikhalira.

"A Bwanali, chipembedzo chimalola, sindikukana ayi. Koma mayi aja mwawauza? Kapena mukufuna akamve kwa anthu, pawaya? Diresi ili silichoka pano mpaka mundiyankhe."

A Bwanali anamuyang'ana, kenaka anaphulika nako kuseka, kuseka kuja kothera m'chifuwa, atagwira mzati.

"Mayi ake atinso? Mfundo zija anamanga okha a Zubeida, n'kundiponyera chingwe pamwamba pa waya. Thupi lija linatha, achimwene."

Anasolola diresi pansi pa telalayo, n'kulipinda bwinobwino musutikesi, pambali pa bulangete ndi kapu.

"Ndipo za waya zatha. Adokotala andiunika, apeza nanenso ndili nacho! Bedi langa lili mbali ya amuna, koma khonde lowothera dzuwa ndi limodzi. Lero lomwe ndikawagwira dzanja."