Mafomu Awiri a Zione

Wakabaza atangoona masamba a maliro atayalidwa pamsewu wa ku Mphunzi, anazimitsa njinga yake yamoto. Zione anatsika atakumbatira envulopu pachifuwa.

Munali mafomu awiri a maphunziro a zowerengera chuma: la ACCA, lomutsegulira njira ya kunja, ndi la ICAM, la konkuno. Miyezi itatu anali asanasankhe, poti bambo ake anati, "Usasaine tisanakambirane, mwanawe."

M'mawa amalume ake anangoimba foni kuti, "Bwera, bambo ako akukufuna." Zione anakondwa, mpaka kugula cholembera chatsopano.

Tsopano nyimbo za maliro zinkachokera pakhomo pawo penipeni. Amalumewo anamuchingamira, chipewa chili m'manja, maso ali pansi.

"Amalume," anatero Zione akuwaonetsa envulopuyo, "si munati akundifuna?"