Tsiku Limene Amayi Anatchula Dzina la Mkamwini

Lamulo likuti nyumba iliyonse yokhala ndi nkhalamba ikhale ndi kamakina ka achipatala pakhoma. M'mawa uliwonse ndimawabaya chala amayi, kamakinako n'kuyamwa dontho la magazi n'kutumiza zotsatira kwa ofufuza matenda oiwalaiwala. Kenako kamafunsa kuti, "Waima patsogolo panuyu ndani?"

Ine amanditchula. Koma akaima mwamuna wanga Lemani, amayi amafunda chitenje kumaso n'kutembenukira kukhoma, monga achitira mpongozi aliyense wolemekeza mkamwini wake. Kamakinako kamayaka kofiira: sakumuzindikira.

Ndinatopa nako kufotokozera azaumoyo. "Mayi, ife timangotenga zimene makina anena," amatero.

Lero amayi sanafunde. Anamuyang'ana Lemani m'maso n'kunena kuti, "Iwe Lemani, tandipatsa madzi."

Kamakina kanayaka kobiriwira, n'kulira kanyimbo kake. "Odwala akupezako bwino."

Lemani anabweretsa madziwo n'kugwada chapatali monga mwa masiku onse. Amayi anamuseka. "Ukugwadira ndani, mwana iwe?"

Ndinangotuluka panja. Kwa ofufuzawo, lero amayi ayamba kuchira. Kwa ife, lero ndiye apita.