Maluwa Awiri a Amayi

Amayi anandikakamiza ali chigonere m'chipatala ku Plovdiv. "Lero ndi tsiku la Nduna, Zdravko. Usandichititse manyazi."

Nduna imeneyo ndi imene inawatsitsa m'sitima ya asilikali ali khanda, nthawi ya nkhondo, ndipo chaka chilichonse ankakaiona kumanda.

Ndinafika kumandako nditaweruka kuntchito, kutada kale. Ndinayala maluwa anayi pachiliza, poti akufa timawapatsa awiriawiri, amoyo atatu kapena asanu.

"Nevena sanabwere?"

Amene anatchula dzina la amayiyo anali mkulu wina wovala chijasi chachikale, ataima pambali panga. Chipale chofewa chinali ponseponse, koma mapazi ofika pachilizapo anali anga okha.

"Akudwala, agogo. Mumawadziwa?"

"Anali wopepuka ngati buledi," anatero. Anawerama, n'kutola maluwa awiri, n'kundigwiritsa. "Ukampatse awa."

"Awiri? Onjezani limodzi, agogo. Amayi ali moyo."

Anangondiyang'ana mwachisoni, manja atapisa m'chijasi muja. Ndinagwada kuti nditole lachitatu ndekha, koma linali litamatirira pamwala. Ndikali kulikoka, foni inayamba kulira m'thumba mwanga.