Kalipentala Pakhomo la Sikani

Kalipentala anatulutsanso tepi yake kachisanu. Anayeza masentimita anayi, n'kupukusa mutu.

"Ababa, tepiyo itopa," anatero mwana wake wamkazi, yemwe anakhala naye pabenchi yachipatala, maso ali pafoni. "Kuyezayeza sikuchepetsa chotupa ayi."

Masentimita anayiwo anawatchula ndi dokotala sabata yatha. Anati chotupacho chili pa kapamba, ndipo n'chamtundu wosapezekapezeka. Lero makina a sikani ndiwo aone ngati chili malo amodzi kapena chafalikira kuchiwindi. Chikakhala malo amodzi, achidula, moyo n'kupitirira. Chikafalikira, ulendo wake ngwautali.

Malangizo analipo atatu, ndipo kalipentala anawasunga ngati muyezo wa chitseko. Loyamba, osadya kwa maola asanu ndi limodzi. Iye, pozolowera kudula thabwa mosiyako pang'ono, anasiya kudya dzulo masana. M'mimba mwake munkalira ngati macheka obuntha.

"Muli buledi m'chikwamamu," anatero mwanayo.

"Anati osadya."

Lachiwiri, osalowa ndi chitsulo, poti makinawo ali ndi maginito amphamvu. Wotchi, makiyi, lamba ndi misomali itatu imene anaipeza m'thumba, zonse anali ataziponya m'jumbo. Buluku ankachita kuligwira ndi dzanja.

"Nanga tepiyo ndi yathabwa?"

Kalipentala anaiponya m'jumbomo msangamsanga ngati yamuotcha.

"Zipi ya bulukulo bwanji?"

Anayang'ana pansi mwamantha. Mwanayo anaseka mpaka ndolo zake kugwedezeka.

Lachitatu, kugwira mpweya makina akamajambula, kuti chithunzi chisasokonezeke. Bamboyo anafufumitsa masaya, nayamba kuwerenga ndi zala. Atafika pa khumi ndi ziwiri anaphulika ndi chifuwa.

"Basi? Ine ndimafika makumi atatu."

"Usandiseke iwe. Thupi ili lameza utuchi wambiri."

Anamuyang'ana mwanayo akuseka. Mwana wake mmodzi yekhayo, sukulu sanamalize n'komwe. Anapukuta maso ndi dzanja limene silinagwire buluku, n'kunamizira fumbi, chonsecho pansi anali atangokolopa kumene.

Chitseko chinatseguka. Mayi wojambula anatuluka ndi khadi m'manja. Kalipentala anadzambatuka.

"Takonzeka, adokotala. Zonse tatsatira."

Mayiyo anayang'ana khadi, nayang'ana imvi za bamboyo, nayang'ananso khadi.

"Bambo, apa alemba zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mwakalamba liti?"

Mtsikana uja anaimirira, navula ndolo zake, n'kuziika m'chikhatho chokhakhala cha bambo ake.

"Mangani lamba, mudye buledi uja, ababa. Wojambulidwa ndine. Inu muzingondigwirira mpweya panja pano, koma chonde, khumi ndi ziwiri zokhazo."