Kabotolo ka M'thumba la Jekete

"Khomo loti lingandikanire ine silinapangidwe," anatero Matayala, akukokera mpando pafupi ndi bedi la mkulu wake.

Sikunali kubwebweta chabe. Munthuyu anayamba ndi kumata machubu a njinga m'mbali mwa msewu, lero makontena ake a matayala amaoloka nyanja. Ndege anakwera mpaka kutopa nazo. Alonda a m'malire a mayiko ankamuvulira chipewa asanatsitse n'komwe galasi la galimoto. Dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale.

Koma wodi ya odwala khansa inkamuchititsa nseru. Fungo la mankhwala okolopera linasakanikirana ndi la mabala. Pansi pa bedi loyandikana panali beseni losanziramo, losavundikira. Ntchentche inali kuyendera nthochi yosenda theka. Matayala ankapumira m'kampango kothira perefyumu.

Pabedipo panagona munthu amene anamuphunzitsa kugwira sipanala. Chotupa cha m'mimba chinali chitamudya. Mkono umene kale unkagubuduza tayala la lole unali ngati bango.

Chipatalacho chinali kuyesa katemera watsopano, ndipo Matayala ankamufotokoza ngati anamupanga yekha. Timipira ta mafuta tosaoneka ndi maso, iye ankatero, timanyamula chizindikiro cha khansa kukaonetsa asilikali a m'thupi. Zili ngati kupatsa apolisi chithunzi cha mbava. Akangoiona nkhope, basi, kuisaka nyumba ndi nyumba.

Atangomva za katemerayo anapita kwa dokotala wamkulu, mayi wamfupi wa magalasi, chikwama chili chotsegula.

"Sitigulitsa, bambo," anamuyankha mayiyo. "Ndipo za wodwala timakambirana ndi wodwalayo ndi mkazi wake."

Matayala anatuluka akulavula. Iye, woti nduna za mayiko a eni zinamwa naye tiyi, kubwezedwa ngati wopemphetsa!

Ndiye m'mawa wa tsikuli anasaka khomo lina. Analipeza kuseri kwa wodi, pafupi ndi migolo ya zinyalala: bambo wa ovolosi yothimbirira, wosunga makiyi a chipinda cha mafiriji.

"Tibotolo ta katemera tafika tochepa m'mawa uno, bwana," ananong'ona bamboyo. "Kalikonse kali ndi mwini wake."

"Mwini wakeyo ndi m'bale wako?"

"Sindikumudziwa. Palembedwa nambala yokha."

"Ndiye ukumvera chisoni nambala? Tenga kalikonse."

Bamboyo ananyambita chala, n'kusuzumira mu envelopu ya ndalama imene Matayala anamupatsa. Matayala anaipidwa naye. Munthu wogulitsa moyo wa mnzake pamtengo wa matayala akutha! Atalandira kabotoloko anapukuta dzanja pa thalauza. Kanali kozizira mochititsa dzanzi. Anakaika m'thumba la m'kati mwa jekete, pachifuwa penipeni, poti mkulu wake sangabayidwe ndi chinthu chozizira chotero. Namwino wa pachipatala china cholipira anali atalonjeza kudzabaya madokotala akaweruka.

Tsopano dzuwa linali litapendeka, ndipo Matayala anali atakhala mwendo pamwamba pa unzake.

"Alamu, tsitsani mawu pang'ono," anatero mkazi wa mkulu wake, amene ankagona pa mkeka pansi pa bedilo kuyambira tsiku loyamba. "Adokotala anati lero..."

"Adokotala anati, adokotala anati! Alamu, inu mwakhala pano kupemphera ndi kudikira. Chasintha n'chiyani? Zinthu sizidikiridwa, zimatengedwa."

Wodwalayo anatsegula diso limodzi. "Iwe, pakamwa pako pakadali ngati hutala ya basi."

"Nyozani lero, achimwene," anaseka Matayala, akudzisisita pachifuwa. "Mawa mundipempha nyama yootcha."

M'khonde munabuka chipwirikiti. Anamwino ankathamanga uku ndi uku. Wina ankakuwa kuti zitseko zitsekedwe. Kuchipinda cha tsidya mayi wina anayamba kulira, kulira kochokera m'mimba. Matayala anayang'ana nsapato zake. Ameneyo ndiye mkazi wa nambala ija, anaganiza. Kenaka anakweza mapewa. Dziko ndi lotero. Ngati wina afe, asakhale wa kwathu.

Dokotala wamkulu uja analowa. Magalasi anali m'manja. Sanamuyang'ane n'komwe Matayala. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kugwira dzanja la wodwalayo.

"Bambo, mayi, ndilibe nkhope yoti ndikuonetseni," anatero. "M'chipatala muno muli munthu wonyansa. Waba kabotolo kamodzi mufiriji."

"Zoopsa," anatero Matayala, akupukusa mutu. "Anthu alibe manyazi masiku ano. Koma mwinaketu wotengayo ali ndi wodwala wake. Katemera ndi katemera, apulumutsa wina."

Apa mpamene dokotalayo anamuyang'ana, ngati waponda chonyansa.

"Sapulumutsa aliyense. Katemerayu amapangidwa kuchokera ku kanyama kamene timadula pa chotupa cha wodwala mwini wake. Kwa munthu wina sagwira. Ndipo akangotentha, ndi madzi chabe. Kupanga wina kumatenga masabata ambiri."

Anatembenukira kwa wodwalayo, mawu ake n'kutsika.

"Masabata amenewo thupi lanu lilibe, bambo. Kamene kabedwako ndi kanu kaja tinkadikira. Tikanakubayani masana ano, kwaulere."

Matayala anapisa dzanja m'jekete. Kabotoloko kanali kofunda ngati dzira la nkhuku yoikira kumene.